Clifford Sakuyankha

M'mawa wina, chipale chofewa chitayamba kusungunuka m'misewu ya ku Brandon, Orysia Boyko, mtsogoleri wa gulu lathu la alembi la pa intaneti, anaitanitsa mlamu wake Lorne Friesen kuti afike msangamsanga kukhitchini kwake. Mayiyu anali atalumbira tonse tikumva kuti chipale chikadzatha pabwalo pake gulu lisanapeze membala watsopano wokhazikika, adzalitseka. Ndipo watsopano mmodzi yekha amene ankamudalira, bambo wina dzina lake Clifford, anali atangoti zii.

"Vulani nsapato, alamu, musandipondere matope. Khalani apo. Clifford wasowa."

Lorne anavula nsapato n'kukhala pomwe analozeredwapo, chipewa chili pabondo. Iyeyu, mwamuna wa Halyna, mng'ono wake wa Orysia, ndiye ankayang'anira za makompyuta m'gululo. Anali munthu woti ukamutuma mkaka amabwera ndi mkaka, ngakhale apeze nyumba yako ikupsa.

"Sanasowe," anatero.

"Mwamuona?"

"Ndamuona."

"Liti?"

"Lero lomwe, ndikumeta ndevu."

"Kometera tsitsi? Ndiye kuti amakhala m'tauni mom'muno! Ali bwino?"

Lorne anasisita bondo lake. "Bondo likumuvuta."

"Mayo, munthu wa Mulungu! Paja nanunso bondo."

"Nanenso."

"Ndiye bwanji simunandiuze kuti mumadziwana?"

"Munati simukufuna kudziwa."

"Ine? Chilipo chinthu m'tauni muno chimene ine sindifuna kudziwa?"

"Chimenechi."

Orysia anamuthirira khofi mwaukali mpaka wina kutayikira patebulo, kenako n'kuloza pawindo.

"Taonani panja. Chipale chatsala kachigamba kaja kokha kuseri kwa galaja. Dzuwa likawala mawa, katha. Gulu langa lathanso."

"Mukanapanda kulumbira."

"Ndinalumbira, ndipo sindibweza mawu. Gulu la alembi lopanda anthu atsopano ndi manda okhala ndi intaneti. Tatsala ndani ife akale? Nkhalamba zokhazokha. Wina amagona pamsonkhano kamera ili chiyakire. Wina wakhala akulemba mutu woyamba wa buku lake kuyambira ali ndi mano ake onse."

"Ameneyo ndinu."

"Ndikudziwa kuti ndine! Ndikungopereka chitsanzo."

"Atsopano amabwera ndithu," anatero Lorne. "Kungoti amathawa ubatizo."

Ubatizo linali dzina limene tinapatsa mwambo wa Orysia. Lamulo la gulu linkati munthu salowa chimanjamanja, azibwera ndi cholemba chake. Cholemba choyambacho Orysia ankachisenda yekha, mzere ndi mzere, aliyense akuona, mpaka ndemanga kutalika kuposa nkhani yeniyeniyo. Ife akale tinapirira chifukwa masiku amenewo kunalibe kwina kopita.

"Ubatizo sulakwa," anatero Orysia. "Mpeni suthwa ndi kuupsompsona."

"Mtsikana uja wa ku Regina analemba za imfa ya mphaka wake."

"Ndinamuthandiza."

"Munati mphakayo akuchedwa kufa."

"Ankachedwadi! Masamba onse aja, mphaka akungotsokomola?"

"Anali mphaka weniweni, alamu. Anali atangomukwirira kumene."

"Ndiye akanamulemekeza pomulembera zabwino. Nanga Clifford bwanji sanathawe? Ndinamuuza kuti ndakatulo yake ya makina ochotsera chipale ikumveka ngati kabuku ka malangizo kobwera ndi makinawo. Anakwiya? Ayi. Anangoti, 'Zikomo, ndakonza.' Ndikati chotsani mzere uwu, amachotsa. Ndikati onjezani chisoni, amaonjeza: 'Makina anga afa, ndili ndi chisoni.' Munthu woyamba m'mbiri ya gulu lino kuchita zimene ndamuuza! Amuna oterowo anatha."

"Alipo ena."

"Kuti? Inu? Inu ndakatulo simungaidziwe ngakhale itakulumani pamwendo."

Lorne anayang'ana m'kapu mwake.

"Tsono popeza mumadziwana, tandiuzeni. Wasiyiranji kulemba?"

"Akuopa."

"Akuopa ine?"

"Inu anakuzolowerani kalekale. Akuopa Pearl."

Supuni inagwa m'manja mwa Orysia. Pagulu, Pearl anali mayi wofatsa wa ku Moose Jaw, wokonda maluwa, amene analowa Clifford atangobwera kumene. Koma Orysia sankamuwerengera Pearl pa lumbiro lake, chifukwa Pearl anali Orysia yemweyo. Poopa kuti Clifford angathawe ngati anzake, anatsegula dzina lina mwachinsinsi, kuti dzanja lamanja likamenya, lamanzere lizisisita. Kusisitako kunamukomera mpaka kupyola muyezo.

"Pearl?" anatero akutola supuni, nkhope ili pansi pa tebulo. "Pearl wamulakwira chiyani? Mayi wabwinobwino ameneyo. Waulemu. Ndamva kuti ngwokongolanso."

"Akumulembera mawu otentha."

"Ndi kulimbikitsa basi! Mlembi watsopano amafunika kumulimbikitsa."

Lorne anatulutsa foni m'thumba la malaya, n'kuvala magalasi. "Ndakatulo ya batire la galimoto ija, Pearl analemba pansi pake kuti, 'Bambo Clifford, ndaiwerenga ndili m'bulangete, ndipo sindinamvenso kuzizira.'"

"Mawu abwino kwambiri. Ali ndi chithunzi."

"Ya fosholo ija analemba kuti, 'Ndikanakonda ndikanakhala chipale chimene mumanyamula m'mawa uliwonse.'"

"Ndi fanizo limenelo! Anthu inu simunapite kusukulu?"

"Womaliza anati, 'Tikumane timwe khofi, mundiwerengere ndi pakamwa panu.' Gulu lonse likuona."

"Ndiye khofi waphapo ndani?"

"Mkazi wake akaona, wophedwa akhala Clifford."

"Mkazi wake uti? Clifford mkazi wake anamwalira. Analemba yekha tsiku lomwe analowa."

"Clifford mkazi wake anamwaliradi."

"Eya."

"Koma ali moyo."

Orysia anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumasokosi. "Alamu, mwamwa chiyani m'mawa uno?"

"Khofi wanuyu."

"Ndiye kuti ananama? Ali ndi mkazi?"

"Waukali. Amagwiritsa ntchito kompyuta imodzi. Tsiku lina mayi wa kutchalitchi anangomuyamikira mwamunayo sweta, mkaziyo anataya sweta m'bini."

"Akazi otero ndimawadziwa. Mng'ono wanga Halyna ndi wotero."

"Ndi wotero ndithu."

"Komatu zimenezo sizikukhudza gulu langa. Muuzeni Clifford abwerere. Pearl achepetsa."

"Mwadziwa bwanji kuti achepetsa?"

"Ndi... ndimudziwa mtima wake. Azimayi timadziwana. Ayi, musamuuze ndinu, mungakaphonye. Ndilankhula naye ndekha. Muimbireni pompano."

"Sizingatheke pafoni yangayi."

"Chifukwa?"

"Ikana."

"Ndiye ndiimba pa yanga!" Orysia anadumpha n'kutsomphola foni yakale ya pakhoma, ya chingwe chopotanapotana ija imene anakana kuitaya. "Tchulani nambala."

"Mukufunadi kudziwa?"

"Tchulani nambala, alamu, ndisanakuthireni khofi m'khutu!"

Lorne anatchula nambala pang'onopang'ono. Orysia anadina, n'kukonza tsitsi lake ndi dzanja ngati woimbiridwayo amuona. Patebulo, foni ya Lorne inayamba kulira. Lorne anaiyang'ana, anayang'ana mlamu wake, kenako n'kuinyamula mwaulemu.

"Halo. Clifford pano."

Mawuwo anamufika Orysia kawiri, khutu lina kudzera m'chingwe, khutu lina kudutsa patebulo.

"Alamu!" anakuwa. "Mwamubera foni munthu wodwala bondo?"

"Foni ndi yanga."

"Ndiye mukuyankhiranji m'dzina lake? Tsitsani, mumupatse mwini wake!"

"Mwini wake ndi amene akulankhulayu."

"Musandiseweretse. Clifford ndi munthu wozama. Clifford ali ndi mtima. Inu paukwati wanu munayamikira mkwatibwi kuti wafika pa nthawi yake."

"Anafikadi pa nthawi yake."

"Clifford analemba kuti, 'Chipale chagwa, ndachichotsa, chagwanso.' Moyo wonse wa munthu uli m'mawu amenewo!"

"Linali Lachiwiri limenelo. Chinagwadi kawiri."

Orysia anabweza foni pakhoma pang'onopang'ono. Kenako anakhala pansi.

"Mwandinamiza nyengo yonse yachisanu."

"Sindinaname. Munandituma."

"Ine?"

"Tsiku lomwe munalumbira lija, msonkhano utatha. Munati, 'Alamu, ndipezereni membala watsopano. Kaya mukamugule, kaya mumuumbe ndi dothi, ine sindikufuna kudziwa.' Kogula ndinakusowa. Dothi linali litauma gwa ndi chisanu. Ndiye ndinaumba pa kompyuta."

"Amenewo ndi malankhulidwe chabe!"

"Simunanene kuti ndi malankhulidwe."

"Nanga mkazi wake munamupheranji?"

"Pamafunika kulemba za banja. Ndinaona kuti ndikalemba kuti ndi wokwatira, anthu afunsa dzina la mkazi, ndipo ine dzina lina sindilidziwa koma Halyna."

Manyazi akamukwera Orysia amasanduka ulaliki. Anaimiriranso, dzanja lili m'chiuno.

"Mukudziwa chimene mwachita? Mwaipitsa chinthu chopatulika. Gulu la alembi limaima pa choonadi! Munthu akabwera ndi dzina labodza, nkhope yabodza, moyo wabodza, ndiye kuti walavulira m'chitsime chimene tonse timamwamo. Ine pa moyo wanga sindingachite zoterezi. Ndingafe kaye."

"Mukunena zoona," anatero Lorne, mutu uli pansi. "Chikundipweteka kwambiri ndi Pearl."

"Musiyeni Pearl."

"Mayi wosalakwa, alamu. Ali yekhayekha ku Moose Jaw ndi maluwa ake. Mwina anagula kale diresi la tsiku la khofi. Ine sindigona nazo."

"Ndati musiyeni. Apirira. Ndi wolimba mtima."

"Mwangonena kumene kuti gulu limaima pa choonadi. Ndimulembera pompano, kumbali, ndimupepese."

"Musalembe!"

"Ndiye siliima pa choonadi?"

"Limaima! Koma osati lero!"

"Limaima masiku ati?"

Lorne anali atayamba kale kudina ndi chala chimodzi, akutchula mawu aliwonse: "Mayi Pearl, pepani. Ndine wokwatira. Khofi ndimamwa kunyumba." Anatumiza.

Pamwamba pa filiji, pomwe Orysia anaibisa kuseri kwa botolo la ufa, foni ina inati ting!

Onse awiri anayang'ana filiji.

"Filiji yanu ikulira," anatero Lorne.

"Imatero ikazizidwa."

Lorne anadinanso: "Mwalandira?" Filiji inati ting! Anaimirira, bondo likulira, n'kutambasula dzanja kuseri kwa botolo. Anawerenga uthenga wake womwe pafoni ya mlamu wake, n'kutembenuka nkhope ili yodandaula.

"Alamu. Mwamubera Pearl foni?"

"Khalani pansi."

"Mayi wa maluwa, wosalakwa..."

"Ndati khalani pansi! Pearl ndine! Ku Moose Jaw sindinapondeko chibadwire, ndipo duwa lililonse limene ndinadzalapo linafa!"

Lorne anakhala pansi. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Panja, madzi a chipale ankadontha kuchokera padenga.

"Ndiye kuti," anayamba pang'onopang'ono, "ya batire ija munaiwerengadi muli m'bulangete?"

"Kunkazizira!"

"Nanga zofuna kukhala chipale chimene ndimanyamula?"

"Mukadzabwerezanso mawu amenewo, alamu, adzakupezani chipale chikasungunuka."

"Chikusungunuka kale."

Orysia anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Kenako phwete linamutuluka lokha, losakoma, ngati la munthu amene waterereka pakhomo pa tchalitchi anthu akuona.

"Tationani. Nkhalamba ziwiri, wina bondo, wina mano ogula, kukopana nyengo yonse yachisanu pamaso pa anthu. Ine ndimvekere ndapeza wophunzira wanga woyamba, ubatizo ukugwira ntchito. Ndinauza ngakhale abusa! Kani ndikubatiza mwamuna wa mng'ono wanga."

"Ndinaphunzirapo zambiri."

"Tsekani pakamwa. Basi, zatha. Sindidikiranso kachigamba kaja. Nditseka gulu lero lomwe, ndikadali ndi kaulemu kotsala."

Anakoka kompyuta yake ya m'manja n'kuitsegula. Asanalembe chilichonse, maso ake anagwera pa chinthu chatsopano pamwamba pa tsamba la gulu. Munthu wina dzina lake Maricel Dizon anali atalowa m'mawa womwewo, ndipo monga mwa lamulo, anabwera ndi kankhani kake: namwino wasowetsa nsapato imodzi m'basi.

Orysia anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ohoo. Simunakhutire ndi mmodzi eti? Mwaumbanso wina. Ulendo uno wamkazi."

"Alamu, ameneyo..."

"Chete! Mawu amodzi okha, ndiimbira Halyna ndimuwerengere za bulangete. Musatsegule pakamwa mpaka nditamaliza. Mwamva?"

Lorne anagwedeza mutu.

"Mumati ubatizo munauzolowera? Uja unali wowaza. Lero ndikumizani."

Anapinda manja a sweta n'kuyamba kudina, akuwerenga mokweza kuti mlamu wake amve ululu wake bwinobwino.

"'Mayi Dizon, ngati limeneli ndi dzina lanu. Nkhani yanu ndaiwerenga, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene nsapatoyo inathawira.'"

Lorne anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Tsitsani dzanja. 'Namwino wanuyu si munthu, ndi mtengo wovala yunifolomu. Zikuonekeratu kuti wolemba sanalowepo m'chipatala, kupatula kukapimitsa bondo.'"

Lorne anatenga pensulo n'kuyamba kulemba pa pepala lopukutira m'manja.

"Kulemba ndi kulankhulanso! Ikani pansi. 'Basi yanu ikuyenda masamba awiri osafika kulikonse. Chiganizo chomaliza chokha ndicho chili ndi moyo, ndipo ndikukayika ngati munachilemba mwadala.'"

Lorne anafiira nkhope. Analoza kompyuta, anadziloza pachifuwa, n'kupukusa mutu mwamphamvu mpaka magalasi kutsetsereka.

"Inde, zikuwawa. Ziwawe. 'Langizo langa ndi loti mubwerere kumakina anu ochotsera chipale.'" Anadina batani lotumizira ndi chala chonse. "Eya! Ndamaliza. Tsopano lankhulani."

"Ameneyo si ine."

"Mwati?"

"Maricel si ine. Ine ndinaumba mmodzi. Munati membala, simunati mamembala."

"Musanditero, alamu."

"Ndimayesa mwina ndi wanu."

"Wanga bwanji, poti ndangomutukwana?"

"Clifford munkamutukwananso uku mukumufunsira."

Orysia anayang'ana dzina lija pa kompyuta. Panali ndi kachithunzi: mayi wachitsikana, wovala yunifolomu ya chipatala, akumwetulira motopa. Munthu weniweni. Woyamba nyengo yonseyi, wobwera yekha ndi miyendo yake, chipale chisanathe.

"Bwanji simunanene?"

"Munati ndisatsegule pakamwa."

"Nyumba ikamapsa munthu amakuwa!"

"Ndinakweza dzanja."

"Fufutani! Ndinu wa makompyuta, fufutani msanga asanaone!"

Lorne anasuzumira. "Waona kale. Taonani timadontho ito. Akulemba."

"Akulemba chiyani?"

"Timadontho sitinena."

"Ambuye, ndamuuza namwino kuti sanalowepo m'chipatala. Ndamutumiza kumakina a chipale amene alibe. Ameneyu sathawa chabe, akauza dziko lonse." Anayenda kupita pawindo, anabwerera, anapitanso. "Akulembabe?"

"Wasiya."

"Mayo!"

"Wayambanso."

"Musandiuze chilichonse!"

Kompyuta inati ting! Lorne anawerenga chamumtima, n'kupinda manja, n'kukhala phee.

"Wayankha?"

"Wayankha."

"Ndiye mwangokhala bwanji?"

"Munati ndisakuuzeni chilichonse."

"Werengani, alamu, ndisanachimwe!"

Lorne anakonza kukhosi. "'Zikomo, mayi. Nkhaniyo ndi yoipadi. Ndinailemba m'basi momwemo chifukwa lamulo lanu limati munthu salowa chimanjamanja. Koma chiganizo chomalizacho ndinachilemba mwadala, ndipo ndinu woyamba kuchiona.'"

Orysia anagwira mpando. "Sanakwiye?"

"Pali zina. 'Za makina a chipale sindinamve, ine ndimakhala pa fulati. Kunena zoona, ine ndi anzanga a kuwodi takhala tikuwerenga tsamba lanu nthawi yopuma kuyambira Khirisimasi. Timatsatira za Bambo Clifford ndi Mayi Pearl.'"

"Za ndani?"

"'Pearl amalemba mokoma zedi, ndikufuna kudzaphunzira kulemba ngati iyeyo. Za bulangete zija mnzanga wina analira. Koma chilembereni za khofi, Clifford sakuyankha, ndipo kuwodi kuno anthu sakudya. Ndalowa kuti ndifunse: wakana? Ngati wakana, tiuzeni tidzipitira, mtima usatipwetekere pachabe. Ngati avomera, anzanga onse akulowa, ubatizo kaya ubatizo.'"

Lorne anavula magalasi. Orysia anakhala pansi. Panja, dzuwa linali litafika pa kachigamba ka chipale kuseri kwa galaja.

"Akuti Pearl amalemba mokoma," anatero Orysia ndi mawu apansipansi.

"Akutero."

"Zaka zonsezi ndikulimbana ndi mutu woyamba, wowerenga ngakhale mmodzi osamupeza. Lero ndili ndi wodi yonse ya chipatala, chifukwa cha bulangete."

"Ndiwayankhe zoona? Ndilemba kuti Clifford kulibe, Pearl kulibe, tinali ife."

Orysia anamenya dzanja lake lisanafike pa kompyuta.

"Mukufuna kupha odwala? Anamwino sakudya!"

"Munati gulu limaima pa choonadi."

"Limaima pa mamembala. Tengani foni yanu. Clifford akuvomera khofi."

"Ndine wokwatira, alamu."

"Inu ndinu wokwatira. Clifford mkazi wake anamwalira, munamupha nokha. Lembani kuti munadwala bondo, n'chifukwa chake munali chete. Zimenezo ndi zoona, si choncho?"

"Bondo ndi loona."

"Eya. Kenako muti, 'Mayi Pearl, khofi ndamulota.'"

"Sindinamulote."

"Mumulota lero! Ndipo musafulumire kufika naye kumalo a khofiwo. Basi imusiye, galimoto ikane kulira, chilichonse. Nkhani imeneyi iyende mpaka chipale chidzagwenso."

"Mphaka uja munati ankachedwa kufa."

"Uja anali mphaka. Ichi ndi chikondi."

Lorne anayang'ana foni yake nthawi yaitali, chala chili m'mwamba. Kenako anachitsitsa, n'kuyang'ana mlamu wake ndi maso a munthu amene akuona kale sweta yake ili m'bini.

"Nanga Halyna akaziona, ndimuuza chiyani?"

Orysia anali atatenga kale foni ya Pearl, akumwetulira ngati mtsikana.

"Muuzeni alowe m'gulu. Chikondi chopanda wansanje sichikoma, ndipo tikufuna mamembala atsopano."